Abambo Kornel Akukamba za Matimati

Hamilton, Canada
Novembala 1977

Wokondedwa mlongo wanga Vendelin,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi alamu anga a Irena ndi ana? Msana wako uja unasiya kukuvuta? Nanga amayi, miyendo ikuwalola kufika kutchalitchi, kapena angokhala pawindo ndi korona yawo? Kuno tili moyo. Ine bondo likamawawa ndimalikalipira n'kupitiriza ntchito. Akulu ako abambo Kornel nawonso ali moyo, ngati kukhala duu tsiku lonse tingakutche moyo.

Kalatayi sinadzere ku positi, waona wekha kuti yatuluka m'kolala ya jekete. Jeketelo ndi lako, uvale. Mayi wakupatsayo usamufunse zambiri, wabwera kudzaona manda a bambo ake basi. Ndatopa nawo makalata a ku positi amene amafika atamatidwa kawiri, momwe timalemberana za mvula ndi chimfine ngati anthu opanda nzeru. Lero ndikufuna ndilankhule nawe ine mwini, chemwali wako amene ankakupukuta mamina, popanda bwana wa kulikulu kuwerengera pamapewa athu.

Za kuno ndi zomwe zija. Chisanu chayamba msanga. Ku fakitale ya zitsulo achotsako anthu ena, ndipo amuna a m'parishi yathu akungoyenda nkhope zili pansi. Denga la tchalitchi likudontha pamutu penipeni pa chiboliboli cha Yosefe woyera, moti ndamuikira ndowa. Koma si za ndowa zimene ndikusokera kolala.

Ukukumbukira mmene tinakulandirira mu Julayi. Tonse tinadabwa kuti boma lakupatsa pasipoti, pamene anzako amapempha mpaka kumera imvi. A Kornel anati ndi mapemphero a amayi. Ine sindinafunse n'komwe, ndinangophika ngati kuli ukwati.

Unadzionera wekha misala ya mkulu wakoyu. Chithawireni kwathu, nthawi imene a chikomyunizimu ankatola ansembe m'nyumba zawo, munthuyu amaona apolisi achinsinsi paliponse. Loweruka lililonse ankamasula telefoni kufuna kachipangizo komvetsera. Wailesi yanga anaiphwasula, mpaka lero imangolira ngati njuchi. Nkhani ikakhala yofunika ankakokera munthu kubafa n'kutsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu. Sindikuti ankalota ayi. Galimoto ya ku ofesi ya kazembe wa kwathu imabweradi pa maliro athu, ndipo bambo wa chipewa chotuwa amatijambula mmodzimmodzi tikamatuluka m'tchalitchi. Tsiku lina mayi wa m'kwaya anamupititsira mpando ndi keke, ati poti wabwera kale adyeko, asamangoima ngati wamasiye.

Tsono ukumbukire nkhomaliro ya Lamulungu lija. Patebulo panali a Melicher, wapampando wa komiti ya parishi, ndi akazi awo. Panali a Gejza, woimba limba wathu. Panali iwe, ine ndi a Kornel. Mowa wa mapulamu unabwera nawo uja unamasula lilime la abambo, za bafa ndi mpopi anaiwala. Ananena poyera kuti mayi Melicher, popita kukaona amayi awo odwala mu Seputembala, atenga timabuku ta mapemphero pansi pa sutikesi, akatisiye kwa abambo Cyprian, aja boma linawaletsa kuchita Misa, amene tsopano amasonkha moto wa malasha pa fakitale ya shuga. Anawonjeza nthabwala, ati Cyprian akuphunziriratu ntchitoyo kuti a chipani akadzafika kumoto adzaupeze utayaka bwino. Tonse tinaseka, ndipo iwenso unaseka.

Mwina zotsatira zake unazimva kale, koma uzimvenso kwa ine. Mayi Melicher anawagwira pabwalo la ndege. Sanavutike n'kufufuza, analunjika pansi pa sutikesi ngati anailongedza ndi iwo. Anawavula, kuwafunsa, n'kuwakweza ndege yobwerera, amayi awo osawaona. Gogoyo wamwalira mwezi wathawu. Abambo Cyprian ali m'ndende. Ndipo wapolisi amene ankafunsa mayi Melicher anawabwerezera nthabwala ya moto ija mawu ndi mawu, uku akuseka.

Ndiye aliyense anadziwa kuti khutu linali patebulo panga, likudya kabichi wanga. Zaka zonsezi munthu akumasula matelefoni!

Mlandu anthu anaugwetsera pa a Gejza. Ukudziwa mmene anthu athu alili kuno. Amene anathawa poyamba sakhulupirira aliyense amene anabwera akasinja a ku Russia atalowa kale kwathu, amati ameneyo anadya za chipani zaka zonsezo n'kukhuta. A Gejza anabwera ndi gulu lomalizalo. Ankaphunzitsa nyimbo pasukulu ya boma, ndipo khadi ya chipani anali nayo, ngati kuti analipo mphunzitsi amene analibe. Iwe panalibe ndi mmodzi yemwe anakuganizira. M'bale wa abambo! Ndiponso onse anakuona utatsamira khoma ukuwodzera.

Komiti inaitanitsa msonkhano m'holo ya pansi pa tchalitchi, ine ndinali momwemo ndikuthira khofi. A Melicher anamenya tebulo mpaka makapu kudumpha.

"Abambo, tisazungulire. Patebulo panu panakhala Yudasi. Kapena mukuti mkazi wangayu anadzipereka yekha? Kapena ndi achemwali anu ophikawa?"

Ndinatsala pang'ono kuwathira khofi pamiyendo. A Gejza anaimirira chipewa chili m'manja.

"Anthuni, ine ndimangoimba limba basi. Ndikanakhala kazitape bwenzi ndikuyendera chigalimoto chakutha chija? Mwana wanga analandirira ukaristiya woyamba muno, munalipo nonse."

Wina kumbuyo anakuwa, "Khala pansi, komuredi! Ukatiimbire ku Moscow!"

Maso onse anatembenukira kwa a Kornel. Iwe ukumudziwa mkulu wako, munthu amene akakwiya paguwa makandulo amagwedezeka. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anangoti tisaweruze munthu popanda umboni, ndi kamawu kakang'ono koti wokhala kumbuyo sanamve.

A Melicher sanawasiye. "Mukudziwa, kapena mukungomumvera chisoni? Ngati mukudziwa kuti si iyeyu, nenani kuti ndikudziwa. Pakamwa panu sipanatinamizepo. Munene, ife titseka pakamwa lero lomwe."

Abambo anapitiriza kupukuta magalasi, magalasi oyera kale.

Chichokereni tsiku limenelo a Gejza awachotsa pa limba, ndipo kwaya ikuimba zoti ngakhale Yosefe woyera angasankhe kudontheredwa. Ku fakitale anzawo amasamuka pabenchi iwo akakhala. Wina wajambula nyenyezi yofiira pachitseko chawo, akazi awo akuchapa chikhalirecho sikuchoka. Choopsa ndi ichi: mapepala awo okhalira nzika kuno sanatuluke, ndipo komiti yagwirizana kuti tsiku la Mafumu Atatu likadutsa mu Januwale ilembera apolisi a kuno kuti munthuyu ndi kazitape, amuthamangitse. Akamubweza kwanuko, iwe ukudziwa kuposa ine kumene munthu wothawa amafikira.

Titabwerera kunyumba tsiku la msonkhanolo ndinawakalipira a Kornel, ndinaiwala n'zoti ndi ansembe. Ndinawafunsa kuti lilime lawo lija analisiya kuti, munthu wosalakwa akudyedwa iwo akuyang'ana. Iwo amvekere chaka chamawa tiyese mbewu ya matimati ang'onoang'ono aja amadzala Mtaliyana woyandikana nafe, ati sachedwa kupsa. Matimati, Vendelin! Dimba lili gwa ndi chisanu!

Pamenepo ndi pamene ndinayamba kuzindikira. Ndawaphikira a Kornel chimwalirireni amuna anga, ndipo ndimawadziwa ngati chikhatho changa. Chinthu chimene sakuchidziwa amachikuwa. Chimene amva mumsewu amandiuza msuzi usanazizire. Koma chimene amva munthu akulapa, ukangoyandikira pamenepo amayamba za matimati. Chaka china parishi yonse inkafunsa mwini mimba ya mtsikana wina, ine nditangoyesa kufunsako anandiphunzitsa kadulidwe ka matimati sabata yathunthu.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza za anthu a patebulo aja. A Gejza amakalapa kwa ansembe a Chipolishi kutsidya kwa tawuni, amachita manyazi kuulula machimo kwa bwana wawo. A Melicher amalapa pa Pasaka pokha, ndiponso mothamanga. Akazi awo sangadzitchere okha msampha. Anga machimo ndimawadziwa. Tsono Loweruka lija usananyamuke, iwe amene sunalapepo chikwatirireni, unapempha abambo kuti akumvere. Munandithamangitsira kudimba. Ndinawaona pawindo akupsompsona nsalu yofiirira ija n'kuikoleka m'khosi. Munachedwa, ndipo potuluka nonse awiri maso anali psu. Ine chitsiru ndinalira ndi chimwemwe, ndinakayatsa kandulo kuthokoza kuti mlongo wanga wabwerera kwa Mulungu.

Zina zonse zinangobwera zokha. Chichokereni iwe, a Kornel sanamasulenso telefoni, ndipo ine ndinkati akukalamba. Kenako inabwera kalata yako yonena kuti Blanka wako amulandira kusukulu ya udokotala, mwana amene ankamukana chaka ndi chaka chifukwa bambo ake aakulu ndi wansembe wothawa. Ndinavina m'khitchini ndi bondo langa lomweli. A Kornel anawerenga, anaipinda bwinobwino, n'kutuluka kupita kudimba.

Chimene chikundidya koposa ndi sutikesi ija. Lamulo lawo la unsembe likuti zimene wansembe wamva munthu akulapa sangazinene, komanso sangazigwiritse ntchito, ngakhale pofuna kupulumutsa wina. Ndiye mkulu wako ankadziwa kuti nkhani ya timabuku ili m'khutu la munthu amene akubwerera kwa apolisi achinsinsi, ndipo sakanatha kuwauza mayi Melicher kuti asiye. Ndi iye amene ananyamula sutikesiyo kuiika m'galimoto. Anawadalitsa. Galimoto itachoka anapita kuseri kwa nyumba kukasanza, ine n'kumawakalipira kuti adya soseji yambiri. Pano wachepa moti kolala yaunsembe ikungozungulira khosi. Chakudya changa chikubwerera kukhitchini monga chapitira, ndipo zimenezi sizinachitikepo m'nyumba muno.

Ndakwiya, sindikubisa. Ndawakwiyira a Kornel ndi lamulo lawolo, ngakhale ndikudziwa kuti akanaliphwanya ine ndemwe sindikanalapanso kwa wansembe aliyense. Ndawakwiyira a Melicher ndi chibakera chawo. Ndadzikwiyira ndekha ndi kandulo yanga. Koma iwe, ukanakhala pafupi ndikanakukwapula ndi nsalu yonyowa yopukutira mbale, monga ndinkachitira ukaba shuga wa amayi. Unapita kukatula katundu wako pamutu pa mkulu wako, pamalo pokhapo pamene sangathe kuutula, iwe n'kukwera ndege.

Ndikudziwa kuti sunapite kwa apolisiwo mwa kufuna kwako. Ndamva mmene amachitira, anthu ambiri andifotokozera pa tebulo lomweli. Amakuitana mwaulemu, khofi, ndudu, kenako amvekere mwana wanu ndi wanzeru bambo, n'zachisoni kuti nzeru zotere zithere pa fakitale ya nsapato. Mwina unawalonjeza a Kornel kuti sukanena kanthu, ndipo unalonjeza ndi mtima wonse, koma utafika m'chipinda chawo unagonja. Ine sindinalowemo m'chipinda chimenecho, ndiye sindinganene kuti ndikanalimba. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, mlongo wanga, ndipo ine ndikukutsina.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lina ndikusenda mbatata ndinawafunsa a Kornel ngati kungocheza, kuti kodi wolapa mwini wake akaloleza, wansembe angalankhule. Anayankha akuyang'ana khoma, ati pamenepo anganene zokhazo zimene waloledwa, osawonjezerapo ngakhale liwu limodzi. Atatero anatuluka panja osavala chipewa, kunja kukugwa chipale.

Ndiye mfungulo ya pakamwa pawo ili ndi iwe wekha. Sindikupempha kuti dzina lako litchulidwe. Ndikupempha uwalole aimirire pamaso pa anthu anene mawu awa okha: si Gejza, ndikudziwa. Anthu athuwa ndi ouma mitu, koma mawu amenewa akatuluka pakamwa pa a Kornel awameza. Mayi wakupatsa jeketeyu adzadutsa kwa amayi pobwerera, Khirisimasi isanafike. Ulembe pa kapepala ndi dzanja lako kuti Kornel, ndakulola kunena zimenezo. Usasaine, ungomupatsa mayiyo abwere nako. Ndi mkulu wakoyo amene anakuphunzitsa kulemba, dzanja lako angalizindikire ngakhale mumdima.

Sindikunamiza kuti zilibe ngozi. A Melicher si mwana, akhoza kuwerenga anthu a patebulo monga ndawerengera ine. Ndipo zimene zanenedwa m'tchalitchi mwathu Lamulungu, bambo wa chipewa chotuwa amakhala atazimva Lolemba. Apolisi akowo akhoza kuzindikira kuti unaulula, ndipo malo a Blanka akhoza kupita. Ndamuganizira mwanayo mpaka mutu kuwawa, ndi magazi anga, chithunzi chake chili pamwamba pa bedi langa. Koma a Gejza nawonso ali ndi mwana wamkazi. Lamulungu lapitali ndinamuona ataima yekha pamasitepe a tchalitchi, anzake atamusiya, akudikira Misa ithe chifukwa akuopa kulowa. Ndinamuitana kukhitchini kuti amwe tiyi. Anandifunsa ngati nanenso ndikukhulupirira kuti bambo ake anagulitsa abambo Cyprian. Ndinamuuza kuti ayi. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndipo ine, Vendelin, ndinapezeka ndikumufunsa ngati amakonda matimati.

Kalatayi ukhoza kuiwotcha, ndipo ndi zimene ndikukulangiza. Ukhozanso kupita nayo kwa apolisiwo, akakuthirire khofi wina. Ndaziganizira zimenezonso. Ukumbukire kuti mayi waibweretsayo wasiya ana kuno akumudikira. Aka n'koyamba m'moyo wanga kuopa mwana amene ndinamulera ndekha. Zikundiwawa kulemba zimenezi, koma ndi zoona.

Upereke moni kwa amayi, uwapsompsone m'manja m'malo mwanga, ndipo usawauze kanthu, mtima wawo sungapirire. Masokosi a ubweya ali m'thumba la jekete ndi awo. Moni kwa alamu anga a Irena, kwa Blanka ndi mlongo wake, kwa azakhali a kumunsi kwa mlatho ngati akumvabe, ndi kwa amalume ndi njuchi zawo. Ukapita kumanda ukayatse kandulo pa bambo m'dzina la tonse atatu.

A Kornel sakudziwa za kolala. Ndangowauza kuti ndikukutumizira jekete, n'kuwafunsa ngati ali ndi uthenga. Avula magalasi, apukuta, apukutanso. Ati ndikuuze kuti mbewu ya matimati ija unaikonda akukusungira m'botolo, ndipo sapatsa wina aliyense mpaka udzabwere kudzatenga wekha.

Ndine chemwali wako, wokwiya koma sanakutaye,

Hedviga